Akufuna malovu athu

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kunabwera akafukufuku awiri kuno ku Machinjiri, mayi ndi bambo, akuti achokera kuchipatala komwe mwana wanga Yohane amalandira mankhwala a matenda a maganizo. Ndinawakhazika pakhonde, m'nyumba ayi. Makadi awo a kuntchito ndinawawerenga kawiri.

Akuti akufuna malovu a Yohane ndi a ife achibale ake, akawayeze pamodzi ndi a mabanja ena ambiri, aone ngati matendawa amayenda m'magazi. Ndinawauza kuti ine tsitsi lomwe ndikameta ndimakwirira ndekha, ndiye malovu ndipatse mlendo? Mayi uja sanakwiye. Anati sakakamiza munthu, pakabotolo salembapo dzina, komanso tisayembekeze kuti mankhwala atuluka mawa.

Kenaka anafunsa ngati kumtundu kwathu kunali wina wodwala chonchi. Ndinati ayi. Ndinanama. Achimwene anga a Zuze, aja tinkawamangirira pamtengo kwathu ku Nsanje, timangoti anawalodza.

Yohane anali pomwepo pampando. Anawerenga pepala lawo, kusayina, kulavulira m'kabotolo, n'kunena kuti, "Amayi, ndatopa kumva zoti ndinalodzedwa. Mwana wanga zikadzamuyamba, mudzathamangire naye kuchipatala." Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti amaopera mwana wake.

Akafukufukuwo abweranso Lachisanu kudzamva za ine. Anthuwa sindikuwakhulupirira, koma nkhope ya Yohane sikundichoka m'maso. Ndiwapatse malovuwo, ndiwauze za achimwene? Magaziwa ndi anunso, n'chifukwa chake ndayamba ndafunsa. Muyankhe pagulu pano, osati kumbali.