Shoko ya Kompyuta Yanga

Kompyuta ija ndinaigula yakale, kwa mphunzitsi mnzanga amene ankasamukira ku Salima. Ndinali nditatopa ndi kukwera minibasi kupita ku Mtakataka kukataipitsa mayeso a ana. Ndinaiika patebulo pabalaza, m'nyumba yalendi yomwe ndinkakhala pa Golomoti.

Sabata yoyamba yomweyo ndinazindikira kuti bokosi lake lachitsulo limagwira shoko. Ndikalikhudza ndili chopanda nsapato, dzanja linkachita dzanzi mpaka m'chigongono. Sindinauze munthu. Ndinangozolowera kuvala patapata ndisanayatse, ndipo miyezi inapita choncho.

Nyengo yamvula amayi anga anabwera kuchokera kumudzi, kufupi ndi Mua, kudzapumula chifukwa miyendo inkawatupa. Koma iwo sadziwa kukhala pansi. Loweruka lina m'mawa ndikuchapa panja, anakolopa pabalaza, kenako ndi kansalu konyowa anayamba kupukuta kompyuta. Ndinali nditaisiya yoyaka.

Ndinangomva kukuwa ndi kugwa kwa mpando. Nditathamangira m'nyumba ndinawapeza ali pansi, atagwira mkono, magazi akutsika pachikope. Pogwa anamenyetsa nkhope pakona ya tebulo.

"Chandiluma, mwanawe. Muli chinthu m'menemo."

"Ndi magetsi, amayi."

Anandiyang'ana. "Iwe unkadziwa?"

Ndinawakweza kabaza kupita kuchipatala, komwe anawasoka.

Aneba atamva anabwera ndi nzeru yawo: ndimange waya kubokosi, ndiukulunge kumsomali, msomaliwo ndikhome kukhoma. Ndinatsala pang'ono kutero, koma mantha anandigwira, ndipo ndinaitana bambo wina wachikulire wa ku Mtakataka amene amakonza zamagetsi.

Anathimitsa magetsi a nyumba yonse, n'kumasula soketi.

"Aphunzitsi, taonani. Mawaya ndi awiri okha. Bowo lachitatuli mulibe kanthu. Apa pankafunika waya wopita m'nthaka, woti magetsi akathawira pachitsulo adutse m'menemo. Popeza palibe, anadutsa mwa mayi anu."

Ndinawafunsa za msomali uja.

"Mukanadzinamiza kuti mwakonza. Khoma louma silitenga magetsi."

Tsiku lotsatira anabwera ndi ndodo yamkuwa, yaitali pafupifupi msinkhu wanga. Anaikhoma kuseri kwa nyumba, pomwe dothi siliuma msanga, mpaka kunangotsala kamutu. Anamangapo waya wobiriwira wa mizere yachikasu, anaulowetsa kubokosi la maswitchi, n'kuufikitsa pasoketi ya kompyuta. Atayeza ndi makina awo anandiuza kuti ndigwire bokosi lija. Ndinagwira. Linali chitsulo chozizira chabe.

Koma iwo sanasangalale. Anati masoketi ena onse ali chimodzimodzi, ndipo mawaya a kudenga adyedwa ndi makoswe. Nyumbayo inkafunika mawaya atsopano, komanso switchi yodzithimitsa yokha munthu akagwidwa shoko. Ntchito imeneyo sakanaigwira popanda chilolezo cha eni nyumba.

Ndinapita kwa eni nyumbawo. Anamvetsera ali chikhalire pakhonde.

"Mwakhala anthu angati m'menemo, palibe anadandaulapo. Vuto ndi makina anuwo. Ngati nyumba yakuipirani, ofuna alipo."

Ndinangobwerako. Nyumba ina yamagetsi pafupi ndi sukulu kunalibe.

Amayi anakhala masiku asanu okha atachotsedwa ulusi. Pabalaza ankadutsa cham'mbali, moyandikira khoma, ngakhale ndinawasonyeza waya watsopano uja kawiri konse. Ketulo ndi ayironi ndinazibisa pansi pa bedi kuti asazigwire.

Powaperekeza pamsewu, minibasi itaima, anandigwira dzanja.

"Sindikukwiyira za bala ayi. Koma chinthu chikamakupweteka m'nyumba mwako, uzinena."

Anakwera. Chipsera chija chilipo mpaka lero, chimadula nsidze yakumanzere pakati. Ine ndikadali m'nyumba yomweyo, ndipo alendo akabwera ndi ana, ndimayamba ndathimitsa magetsi a kukhitchini, komwe masoketi akadali opanda waya wa m'nthaka.