Muyezo wa Wonga

Kanali kabango kakafupi, kosafika ndi kutalika kwa chala changa chakaniso, kodulidwa pansi pa mfundo kuti kakhale ndi potsekeka. M'kati munali mwakuda bii, ndipo ukakanunkhiza kamamveka ngati dzira lovunda logwera pamoto. Ndinayenda nako m'mphepete mwa njanji kuchokera ku Golomoti mpaka kwathu kufupi ndi Mua, nditakamangirira pa ngodya ya nsalu yanga. Kabango kameneka sikanagwirepo ntchito yake, ndipo amene anachititsa ndine. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi kapena khumi, sindidziwa bwino, kwathu zaka sankawerenga.

Chaka chimenecho abambo anali atatha dzinja lachitatu ali ku Halale, ndipo makalata anali atasiya kubwera. Anatisiyira mfuti ya gogodela, ija yothirira wonga kukamwa n'kutsindira ndi kachitsulo, pamodzi ndi kachitini ka wonga ndi zipolopolo zisanu m'kathumba kachikopa. Chimene sanasiye ndi muyezo. Iwo ankayezera wonga m'kanyanga ka gwape, ndipo kanyangako anapita nako, ati azikasungiramo fodya wamphuno. Munthu wamkulu ndithu, kusiya mfuti n'kutenga muyezo. Mpaka lero ndikazikumbuka mtima umandipsa.

Munda wathu unali wotsiriza, kutsinde kwa phiri kumene anyani amatsikira. Njala yaikulu ija inali isanazizire m'mitima, ndipo ife inatitengera mng'ono wanga. Amayi sankalankhula zambiri, koma mawu awa ankawabwereza: chimanga ichi chikapita, ifenso tapita. Choncho chimanga chitayamba kuchita ndevu anandichotsa kusukulu kuti ndizikalindira, poti iwo ankalimbana ndi udzu mumpunga kudambo ali ndi khanda kumsana.

Ana a masiku ano akamati asungulumwa ndimangowayang'ana. Ine ndinkakwera pansanja dzuwa lisanatuluke bwino, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno, ndili ndi chitini, kamtengo kogogodera ndi chinangwa chophika. Kutsika kwake dzuwa litalowa. Tsiku lonse wolankhula naye anali gulo wa pamtengo wa bwemba, amene ankangogwedeza mutu pa chilichonse chimene ndanena. Mphepo ikachokera kumudzi inkabweretsa kulira kwa chitsulo cha kusukulu, kenako mawu a anzanga akuphunzira nyimbo za Pasaka. Ndinkaimba nawo chapansipansi, koma mphepo ikatembenuka ndinkatsala pakati pa nyimbo ndekha. Sitima ikamadutsa ndinkaimika mkono ngakhale ndinkadziwa kuti palibe akundiona.

Anyani saopa mkazi, ndipo mwana wamkazi ndiye amamuyesa chitsa. Panali bongwe mmodzi wamkulu, wong'ambika khutu, amene ankathyola chinsonkho cha chimanga n'kukakhala pachulu, akusenda makoko pang'onopang'ono maso ali pa ine. Ndikamenya chitini ankayasamula. Pamene iye akundichedwetsa choncho, anzake anali akukolola mbali inayo. Mizere itatu inatha m'sabata imodzi, ndipo ndinalira mpaka mawu anasasa.

Tsiku lina amayi anatsitsa mfuti ija kudenga, naipukuta ndi mafuta a nsatsi. Anati tikapha mmodzi n'kumupachika pamtengo, enawo sabweranso mpaka tikolole, ndipo ine ndibwerera kusukulu. Mawu otsirizawo ndi amene ndinawamva. Vuto linali lakuti amayi anali ataonapo abambo akuthira wonga, koma kuchuluka kwake sankakudziwa. Kupita okha kukafunsa sakanatha. Mkazi amene mwamuna wake watchona akaoneka pakhomo la mwamuna wina, pofika madzulo mudzi wonse umakhala utamupatsa kale mimba. Ndiye anatuma ine, iwo n'kukakhala pansanja.

Ndinayambira kwa aphunzitsi, poti ndinkakhulupirira kuti chilichonse chili m'buku. Anatembenuza kachitini ka wonga kaja uku ndi uku, nawerenga Chingerezi chake milomo ikugwedera, n'kunena kuti apa angolemba zoti usakayandikize kumoto. Anali munthu woona mtima, sanafune kupeka. Pondiperekeza anandifunsa kuti ndibwera liti, poti atsikana oimba kutsogolo pa Pasaka awasankha sabata yamawa. Ndinasuzumira m'kalasi ndipo pamalo panga panali patakhala wina.

Kenako ndinapita kwa amalume ku Mtakataka, kuchikamwini kwawo. Amalume anali ndi mfuti yaikulu imene ankati inaphapo mvuu, ndipo nkhani ya mvuuyo inkakula chaka ndi chaka. Kubwera kudzatithandiza sakanatha, ati apongozi awo sangawamvetse kusiya munda wa eni. Anadula bango lalitali ngati chala chawo chapakati, kulinganiza ndi muyezo wawo, nandiuza kuti mfuti ikalira azimva mpaka ku Dedza. Za mfuti yathu sanafunse kalikonse. Amayi atalandira bangolo analiyang'ana nthawi yaitali, nati achimwene amakonda phokoso. Anandiuza kuti mawa ndipite ku Golomoti kwa agogo a Keyala, ndikamve iwo anena chiyani.

Agogo amenewa sanali achibale athu. Anali msilikali wakale amene anabwera kunkhondo ali wogontha khutu limodzi, ndipo ankakhala okha kuseri kwa msika, akusoka nsapato. Sanandiseke ngati mmene ndinkaopera. Anandipatsa madzi ndi malambe, n'kuyamba kufunsa ngati pamlandu. Mfutiyo anagula yatsopano kapena yakale? Yakhala kudenga madzinja angati? M'kamwa mwake mumalowa chala changa chiti, ndipo ndikachitulutsa chimatuluka ndi dzimbiri? Nditawaonetsa utali wa bango la amalume anagwira pakamwa.

"Muyezo si wa munthu, mwanawe, ndi wa mfuti," anatero. "Yanuyo yakalamba. Chakudya cha mnyamata sungampatse wodwala."

Anadula kabango kakafupi kaja, nakayesa ndi wonga wawo, n'kubwezera. Kenako anandipatsa uthenga. Amayi ayambe ndi kameneka. Poyamba asaigwire m'manja, aimangirire kumtengo, akokere ndi chingwe ali kuseri kwa chulu. Akatero aiyang'ane bwinobwino ngati sinachite mng'alu, ndipo ine ndibwerenso ndidzanene mmene yalirira, iwo adzaone ngati n'kuwonjezera. Bango la amalume aliponye pamoto. Anandibwerezetsa katatu, khutu labwinolo atalitchera kwa ine.

Pobwerera dzuwa linali paliwombo, miyala ya njanji ikuwotcha mapazi. Ndinkayenda ndikuwerenga masiku pa zala. Kumangirira kumtengo, kubwerera ku Golomoti, kuyesanso, zonsezo sabata yatha, mwina ziwiri, ine ndili pansanja ndi gulo wanga, oimba atasankhidwa kale. Ndinamasula kabango kaja n'kukayang'ana. Kanandionekera kachabechabe, koti bongwe uja sangamve n'kuyabwa komwe. Sindikufuna kudzikometsera. Sindinaiwale uthenga, ndipo sindinasokoneze. Ndinadutsira kumunda, kabangoko ndinakasomeka mu udzu wa denga la nsanja, n'kupita kwa amayi amene anali kumapeto kwa mizere akuthamangitsa anyani.

Ndinawauza kuti agogo ati la amalume lija lili bwino. Amayi anandiyang'ana, thukuta likutsika m'khosi.

"Sananene china?"

"Ayi."

Anawombera m'mawa mwake, dzuwa litakwera pang'ono. Khanda anandipatsa ine kuti ndikakhale nalo pansanja. Ndinawaona akuthira wonga mosamala ngati mchere wobwereka, akutsindira, kenako akuyenda mowerama kulowera kuchulu. Bongwe uja sanasunthe n'komwe, poti anaona kuti ndi mkazi. Amayi anagwada, naika mfuti paphewa monga ankachitira abambo.

Kulira kwake sikunali kwa mfuti. Kunali ngati mwala waukulu wasweka pamoto. Utsi woyera unaphimba chulu chonse, mbalame zinabalalika, khanda linalira kumsana kwanga, ndipo anyani anakwera phiri akukuwa, wong'ambika khutu uja ali patsogolo, wopanda ndi bala lomwe. Utsi utachoka amayi anali atakhala pansi miyendo atatambasula, ngati munthu amene akusankha nyemba. Chitsulo cha mfuti chinali chitang'ambika pamene panali dzanja lawo lamanzere. Dzanjalo analikulunga mu nsalu, nsaluyo ikuda mofulumira. Fungo lake ndimalimvabe, la wonga ndi tsitsi lopserera. Sanakuwe. Anangoti, usalire, thamanga ukaitane anthu.

Anawanyamula pa machira kupita kuchipatala cha ku Mishoni, ndipo masisitere anapulumutsa dzanja koma zala ziwiri zinapita. Anagona kumeneko masabata atatu, khanda lili nawo. Ine ndinkagona kwa amayi aang'ono, ndipo m'mawa ndinkabwerera pansanja pomwe paja, poti anyani anangopuma masiku anayi n'kuyambiranso. Pasaka inandipeza pomwepo. Belu la ku Mishoni linalira nthawi yaitali tsiku limenelo, ine ndili chigonere chagada, ndikuyang'ana udzu wa denga pamene ndinasomeka kabango kaja. Kusungulumwa kwa poyamba kuja kunali kwabwino, poti ndinkalakalaka munthu. Tsopano ndikaona munthu akubwera m'njira ndinkabisala. Chimanga tinakolola chochepa, koma chinatifikitsa, tikusakaniza ndi chinangwa.

Amayi atatuluka, agogo a Keyala anabwera wapansi kuchokera ku Golomoti ndi ndodo yawo. Kunali masana. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikutong'ola chimanga, ndipo nditamva mawu awo ndinasiya kutong'olako. Anakhala pakhonde, napepesa, napempha kuona chitsulo chong'ambikacho. Anachitembenuza kangapo. Poti anali ogontha ankalankhula mokweza, ndipo liwu lililonse linandipeza kumene ndinali.

"Mayi, kodi mwana uja sanakuuzeni zomangirira kumtengo? Kabango kanga sanakupatseni?"

Ndinamva nkhuku ikupalasa, ndi khanda likuyamwa. Ndinadikira kuitanidwa, ndipo ndinali nditasankha kale njira yothawira, ya kudambo.

"Anandiuza zonse, bambo," anatero amayi, nawonso mokweza kuti agogowo amve. "Kabango anandipatsa. Ndine ndinachita phuma."

Agogo anawadzudzula ndithu, ati akazi inu simumva, ndipo amayi ankangoti inde, bambo, ndalakwa. Pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti mkazi wa mtchona uja anadziwombera yekha chifukwa cha liuma, ndipo mbiri imeneyo anakhala nayo mpaka kumwalira. Ine sanandifunsepo kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ngakhale pamene ndinkawathandiza kumanga mtolo wa nkhuni umene dzanja lija linkalephera kukoka.

Koma masana amenewo, kuseri kwa nkhokwe, ine ndinapuma mpweya wautali. Ndinaganiza kuti ululu ndi mankhwala a masisitere zawasokoneza mutu, moti sakukumbukanso zimene ndinawauza kumunda kuja. Ndinakondwa, ndinene zoona, ndinakondwa kwambiri. Ndinamaliza kutong'ola msangamsanga, n'kuthamangira kwa anzanga kukasewera phada koyamba chiyambire dzinja, ndikuthokoza Mulungu mumtima kuti anandipatsa amayi oiwalaiwala.