Amayi Anavinira Kunja kwa Mpanda pa Ukwati Wanga

Inu owerenga, ine kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu kuno ku Nairobi. Ndikulemba izi mtima uli wolemera. Pa tsiku la ukwati wanga amayi ondibereka sanalowe pamalo a mwambo, ndipo amene ndinachititsa ndine ndemwe. Lero banja langa likugwedezeka ndipo ndilibe wachibale woti n'kundiimirira.

Mwamuna wanga Yamikani ndi wa ku Zomba. Tinadziwana kutchalitchi kumene Amalawi timakumana Lamulungu, iye akumaliza maphunziro ake ku yunivesite. Chinkhoswe anatichitira kumudzi ife tikuonerera pafoni, ndipo nkhoswe yanga anali amalume a Bizaliyele, alongo awo a amayi. Titafika pa nkhani ya ukwati, Yamikani ankafuna tikachitire kumudzi. Ine ndinakana kwamtuwagalu. Ndinali nditaona zithunzi za mnzanga wa kuntchito amene anachitira ukwati wake kupaki ya masewera, kunja pang'ono kwa tawuni. Kumeneko kuli kasitima kozungulira munda wa maluwa, akavalo apulasitiki, ndi chigudumu chachikulu chimene chimakweza anthu m'timabokosi mpaka kuona Nairobi yense. Mtima unangoti dyokodyoko. Ndinkafuna anzanga a ku sekondale akaona pafoni adziwe kuti mwana wa Nachisale anapita patali.

Eni pakiyo sanandibisire kanthu. Anati aliyense amalowa atavala kalamba kapepala pamkono, ndipo timalamba timeneto amapereka molingana ndi anthu amene mwagwirizana. Anati chakudya kapena katundu wochokera kunja saloledwa, komanso nthawi yathu ikatha pamabwera ena. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali kuchigudumu. Sindinakumbuke n'komwe kuti kwathu ukwati ulibe chipata, aliyense womva nyimbo amangovala nsalu n'kubwera.

Ndinatumiza ndalama ya ndege ya anthu awiri, amayi ndi amalume. Amayi anandifunsa pafoni kuti, "Nanga kumeneko akakululutira ndani, mwana wanga?" Ndinaseka n'kuwauza kuti kuno kuli zoimbira zamphamvu, za nthungululu ndi zachikale. Anangotsanzika n'kudula foni. Ndikanawadziwa bwino amayi anga, ndikanazindikira kuti kutsanzika msanga kuja sikunali kuvomera.

Ndege sanakwere. Ndalama ija anaisandutsa ya basi, n'kutengana ndi amalume, amayi aang'ono, azakhali, ndi amayi angapo a mvano amene akhala akuimba nawo kuyambira ine ndili kumsana. Anathamangathamanga za ziphaso, anasoketsa nsalu yofanana, zonsezi osandiuza, ati akandidzidzimutse. Anadutsa pa Songwe, kudula Tanzania yense mpaka kulowa m'Kenya pa Namanga, azimayi akuluakulu miyendo itatupa. Basi inawonongeka panjira. Dzulo lake la ukwati amalume anangondiimbira kuti achedwa pang'ono, osatchula kuti ali ndi gulu. Anafika tsiku lenilenilo dzuwa litakwera, anakasamba kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Kawangware, muno mu Nairobi momwemu, n'kukwera minibasi, imene kuno amati matatu, kubwera kupaki.

Ife sitinadikire. Mtsikana woyendetsa mwambo, wa pakiyo, anati nthawi ikutha. Ndinasiya timalamba tiwiri pachipata, foni n'kupatsa wondiperekeza, abusa n'kutidalitsa m'munda muja kasitima kakulira kumbali. Anthu anaomba m'manja mwaulemu ngati pamsonkhano wa kuntchito. Kenako inakwana nthawi imene ndinkailota, yokwera chigudumu ndi mwamuna wanga, wojambula akutitola ali pansi.

Titafika pamwamba penipeni, chigudumu chinaima kuti atijambule bwino. Ndinayang'ana pansi. Kuseri kwa mpanda wa waya, pafupi ndi poimika magalimoto, ndinaona azimayi ovala nsalu yofanana atapanga bwalo akuvina. Mawu awo sankamveka chifukwa cha zimkuzamawu za paki. Koma mmodzi ankavina motsimphina mwendo wakumanzere, dzanja lili pakamwa, nkhope italoza kumwamba kumene ndinali. Mwendo umenewo ndimaudziwa, anathyoka akuchokera kukagulitsa mbatata pa Tsangano kuti ine ndilipire sukulu. Anali amayi anga akundilulutira.

Titatsika, wondiperekeza uja anandinong'oneza kuti alonda akuti alowe awiri okha, ndipo dengu limene asenza litsale panja. Amayi akana, ati sangasiye pamsewu anthu amene avutika nawo ulendo wonse. Yamikani anandigwira dzanja kuti tipite kuchipata. Inu owerenga, apa ndiye pamene ndinalakwa zenizeni, ndipo sindinamizira alonda kapena eni paki, iwo ankatsata zimene ndinavomera ndekha. Woyendetsa mwambo anali akuloza wotchi, keke itafika kale patebulo. Ndinayang'ananso mabwana anga a kuntchito atakhala kutsogolo, ndipo ndinene zoona, ndinachita manyazi kuti aone gulu la azimayi akumudzi likukangana ndi alonda pa ukwati wanga. Ndinati akawauze adikire pang'ono, ndibwera tikadula keke. Kuchoka pamene ndinaima kukafika pachipata sipanali patali, munthu ukanatha kuyenda ngakhale ndi diresi lalitali lija.

Keke inadulidwa, kenako zolankhula, kenako zithunzi zina pa akavalo aja. Kumwamba kunada, mvula yamasana ya kuno inakhuthuka, ife tinathawira mu tenti. Itakata m'pamene ndinathamangira kuchipata. Panalibe munthu. Mlonda anangoti "Pole, madam," kundipepesa m'Chiswahili, n'kundipatsa dengu lonyowa. Munali ufa woyera, mtedza, mthiko, chipande, ndi nsalu yofanana ndi yawo ija atandisokera bulauzi yake. Timalamba tiwiri tija tinali pomwepo patebulo la alonda.

M'mawa mwake ndinapita ku Kawangware ndipo ndinawapeza akumanga katundu, nsalu zawo zili pachingwe zisanaume. Ndinagwada ndikulira. Ndikanakonda akananditukwana. Amayi anandidzutsa, anandipukuta misozi ndi m'mphepete mwa chitenje, n'kunena kuti, "Usalire. Tinakuona uli m'mwamba muja, unatchena. Tinakuimbira nyimbo zonse, kungoti unali patali." Amalume sanandiyang'ane. Amayi a mvano anandipatsa moni mmodzimmodzi, n'kukwera matatu opita kokwerera basi.

Nkhani inafika kumudzi iwo asanafike. Anthu anayamba kunena kuti a Nachisale ananyamula anzawo kukawaonetsa mpanda wa ku Kenya. Amayi anasiya kupita ku mvano, iwo amene sankajomba ngakhale akudwala. Ndikawaimbira amayankha bwinobwino, amafunsa za moyo, za mvula ya kuno, basi. Zoseka zija, zondiuza amene wakwatiwa ndi amene wathawitsidwa, zinatha. Ndinapitako pa Khirisimasi ndi katundu wodzaza, anandikonzera chipinda ngati mlendo ndipo anandithokoza ngati mlendo.

Tsopano kunyumba kwathu ku Donholm kulibe mtendere. Yamikani anapeza ntchito, anapezanso mkazi wina ku Embakasi, ndipo masiku ena sabwera. Tikakangana amandiuza kuti munthu amene anasiya mayi ake pamvula sangamuphunzitse za chikondi. Zitafika povuta ndinaimbira amalume kuti alankhule ndi ankhoswe a kuchimuna, monga mwambo umanenera. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mphwanga, munthu amakonza ukwati umene anauona ndi maso ake. Ine kumeneko ndinaona waya ndi mlonda. Kafunse amene anadya keke."

Amene anadya keke ambiri anasamutsidwa, ena anabwerera kumaiko kwawo. Zithunzi zinatuluka zokongola, sindikana, koma palibe ngakhale chimodzi chimene pali munthu wa magazi anga. Ndinazichotsa pakhoma. Mthiko uja uli m'khitchini, sindinaugwiritsepo ntchito, ndipo bulauzi ija sindinaivalepo chifukwa sindikudziwa kuti ndingaivalire kuti.

Inu amene mukukonzekera ukwati, makamaka muli kunja kuno, malo okongola musawakane, koma musanalipire kaimeni pachipata pake n'kudzifunsa kuti amayi anu akabwera ndi anthu awo onse, atasenza madengu, adzalowa kodi. Ngati yankho ndi ayi, malowo si anu. Ndipo tsikulo wina akadzakunong'onezani kuti makolo anu ali panja, siyani mpeni wa keke patebulo, nyamulani diresi, pitani. Ine sindikhulupirira kuti zanga zidzakonzekanso. Ndikamadutsa msewu umenewo pa matatu, chigudumu chija chimakhala chikuzungulirabe ndi akwati ena pamwamba, koma ine maso anga amathamangira pansi, pa kamalo kafumbi kuseri kwa waya pamene amayi anandivinira ine osapitako.