Huta ya Dalaivala

Dzina langa litatuluka kuti ndipite ku Canada kukaphunzira kuyendetsa sitima za dizilo, amai analira ngati ndafa kale. Atate sanalire. Iwo anakalambira pa sitima zakale, akuponya malasha m'ng'anjo pambali pa dalaivala wachizungu. Mzunguyo akamalowa m'Kabwe ankaliza huta mwa kalizidwe kakekake, kawiri mwachidule kenaka kamodzi motalika, kuti mkazi wake ateleke tiyi. Chingwe cha hutayo atate sanachigwirepo. Munthu wakuda sankaloledwa, ndipo pomwe ufulu unkafika, moto ndi utsi zinali zitawadya kale maso.

"Yenda, Yosefe mwana wanga," anatero. "Koma ubwele nikali na makutu. Maso yanasila kudala."

Ine wa ku Ngungu, komboni ya m'Kabwe, amene ndinkadandaula ndi mphepo ya mu Juni, ndinakaona zakuda. Sabata yoyamba ndinachapa buluku n'kuliyanika panja monga kwathu. Pokalitenga ndinalipeza litauma gwa ngati thabwa, loti n'kuima lokha. M'basi ndinkapereka moni kwa aliyense, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndikupempha. Ndalama imene ankatipatsa ndinkaigawa pakati, ina ya amai, ina ya mbatata zanga. Lamulungu ndinkangokhala m'chipinda, ndikuimba ndekha nyimbo za kutchalitchi kwathu, misozi ili chuchuchu.

Koma dzikolo, abale, ndinaliona! Sitima inkayenda tsiku lathunthu m'minda ya tirigu osakumana ndi munthu. Kwina tinadutsa m'nkhalango yoyera mbee ndi chipale chofewa, chinyama chachitali, cha nyanga ngati mafosholo, chitaima pa njanji osatekeseka. Ndinachiliza huta mpaka chinapatuka, ndipo mtima unandiwawa kuti atate sanamve.

Chaka chachiwiri mlongo wanga analemba kuti chifuwa chawagwira atate. Ndinayankha kuti ndikusiya zonse, ndikubwera. Yankho linadza la mawu awo enieni: "Ukathawa sukulu, huta azaliza ndani?" Ndinaluma mano, ndinakhala, ndipo mayeso ndinakhoza.

Nditabwerera ndinawapeza ataonda, koma ali moyo. Ndinawaika satifiketi m'manja. Anaisisita n'kundibwezera.

"Pepala siilila, iwe."

Ndinapsa mtima, kunena zoona. Kuzizira konse kuja! Miyezi inapita ndili wothandizira chabe, ndipo usiku uliwonse chifuwa chija chinkandiopsa. Kenaka tsiku lina anandipatsa sitima yangayanga yochokera kumwera. Kunyumba sindinauze munthu. Nditaona madenga a Kabwe ndinatambasula dzanja: kawiri mwachidule, kamodzi motalika. Yotalikayo ndinaikoka mpaka wothandizira wanga anatseka makutu.

Potsika ndinathamanga ngati mwana. Mayi wina woyandikana nafe anandichingamira pa msewu. "Ba Tembo, imwe simuziba," anatero. "Kuchokela pamene munayenda, atate anu sitima iliyonse amaimvelela panja. Lelo aimilila okha, opanda ndodo!"

Ndinawapeza pakhomo atavala jekete la kutchalitchi, ana a m'Ngungu atawazungulira. Ine ndinkayesa kuti ulendo wa ku Canada uja ndinayenda ndekha, chikhalirecho atate anali nane, ali pa mpando wawo panja paja. Atamva mapazi anga sanandipatse moni. Anatembenukira kukhitchini.

"Amake Yosefe, nanga tiyi? Dalaivala wafika."

Amai anatuluka ndi ketulo. Anali atateleka kale.