Papa Analibe Mkazi

A Edgar a ku Lewisham, mumzinda wa London, anali ndi chizolowezi chimodzi chimene sankachiphonya. Lamulungu lililonse, Misa ikatha, ankaima pasiteji ya basi, kusankha munthu wooneka wanjala, mzungu kaya wakuda, n'kupita naye kunyumba kukadya.

Ankati anatengera Papa Gregori Wamkulu, wakalekale uja amene anatumiza amishoni ku Mangalande, amenenso amati ankaitana amphawi kudzadya patebulo pake. Za iyeyo anazimva ku seminale, asanaone kuti unsembe si wawo. M'kati mwa sabata ankasamalira okalamba, ndipo ankauza anzawo kuti ku London anabwera kudzayendera munda umene Gregori anabzala.

Koma wophika anali mayi Anna, akazi awo, namwino wapachipatala. Lamulungu ndilo linali tsiku lawo lokhalo lopumula, miyendo itatupa. Ankati akangoti agoneko, belu n'kulira: a Edgar ali pakhomo, kumbuyo kwawo mlendo, nthawi zina ndi galu wake yemwe. Akadandaula, a Edgar ankayankha kuti wokana mlendo amakana mngelo.

Tsiku lina mu 2006, mayi Anna anatsalira kutchalitchi n'kufunsa wansembe za Gregori ameneyu. Anamva zambiri, koma anasunga ziwiri.

Lamulungu lotsatira a Edgar anafika ndi mkulu wina wandevu, dzina lake Harry. Anapeza mbaula ili zii, nkhuku ili gwa ndi ayezi, akazi awo ali pasofa, miyendo m'beseni la madzi ofunda.

"Bambo a Vitu, ndafufuza," anatero mayi Anna mofatsa kwa amuna awo. "Papa wanuyo analibe mkazi. Komanso ankadzitchula mtumiki wa atumiki a Mulungu. Epuloni ili pachitsekopo."

A Edgar anacheukira mlendo kuti awathandize. Harry anali atakhala kale, limoti ya TV ili m'manja.

A Edgar anavala epuloni ija n'kuyamba kuphika. Mpunga unapserera pansi, pamwamba uli wauwisi. Nkhuku inkachucha magazi. Harry analawa pang'ono, anathokoza mwaulemu, kenako anafunsa ngati m'nyumbamo muli buledi. Mayi Anna anagona mpaka dzuwa kupendeka.

Aka kanali komaliza a Edgar kubwera ndi mlendo. Lamulungu linalo anadutsa pasiteji paja maso ali pansi, ndipo atafika anauza akazi awo kuti tsopano akuwerenga za apapa ena, aja ankakonda kusala kudya.