Ampu imene inaimba maliro anga

Chaka chimene mbatatesi inaolera m'munda ndi chimene ndinauza amayi kuti ndikupita ku Joni. Mvula inakana kukata, masamba anada ngati awauka, ndipo zochepa zimene tinakumba ogula a ku Tete anazinyoza ife tili pomwepo. Amayi sanandiletse, anangofunsa ngati ndili ndi chovala cha mphepo. Amene ndinkachita naye mantha kumuuza anali Bonifasiyo, mnzanga wa paubwana, woimba wa gulu lathu.

Gulu limenelo ndiyambe ndalifotokoza, chifukwa kunja kwa Tsangano anthu amayesa ndikunama. Pamsika pali baraka ya a Fulujensiyo mmene timaonera mafilimu. Tsiku lina anabwera ndi madisiki ochokera tsidya la Malawi, a filimu yaitali ya zigawozigawo, ya anthu oyendayenda m'chombo pakati pa nyenyezi dziko lawo litapsa. Munthu wina ankalankhula Chichewa pamwamba pa mawu a azunguwo, ndipo ndiye anaitcha Opanda Kwawo. Ife amene makolo athu anakhalapo m'misasa ya othawa nkhondo, nkhaniyo inatilowa m'mafupa. Nyimbo yotsegulira filimuyo inali ya gitala lokalipa, lija amati roko. Ine ndinali ndi gitala la magetsi logula kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka, ndi wailesi yong'ambika imene inkalira mwaukali womwewo mosaipempha. Tinayamba kupeka nyimbo za anthu a m'chombomo, aliyense n'kutenga munthu wake. Boni, poti ndi wamtali komanso wokonda kuyang'anidwa, anatenga Kapitau. Ine ndinatenga Makaniko, wokonza injini wosalankhulalankhula. Anthu anafika poiwala kuti dzina langa ndi Erinesito.

Madisiki aja anathera pamalo poipa. Chombo chatera padziko louma la dothi lofiira, Makaniko watuluka kukakonza phiko, chimphepo chabwera, chitseko chatsekeka, chombo n'kunyamuka iye akuchithamangira pansi. Basi. Disiki yotsatira a Fulujensiyo anaisakasaka mpaka ku Ntcheu, osaipeza. Ine ndinali nditayamba kupeka nyimbo ya Makaniko ali yekha kumeneko. Kaimbidwe kake ndinali nditakapeza, mawu ndiye anali asanabwere. Ndinamuimbira Boni tsiku lotsazikana.

"Pita, mano, m'bale wanga," anatero. "Ukatigulire ampu yeniyeni yokweza mawu a gitala, wailesi yakoyi yatichititsa manyazi mokwanira. Malo ako palibe awakhudze. Gitala ndikusungira ngati mwana wanga."

Ku Joni ndinapeza ntchito yotsuka magalimoto. Madzi ake m'nyengo yozizira amaluma mpaka zikhadabo, ndipo manja amene ankadziwa zingwe za gitala anang'ambika m'mapindiro onse. Tinkagona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, aliyense foni m'manja, palibe wolankhula ndi mnzake. Ndikamva kulira kwa galimoto ya apolisi ndinkaiwala ndi njala yomwe. Kusungulumwa kwa kumeneko sikusowa anthu ayi, anthu ndi mbwee, koma palibe ngakhale mmodzi wodziwa kuti umatha china chake kuposa kupukuta matayala. Ndalama zinkabwera pang'onopang'ono n'kumachoka mothamanga. Zina ndinkatumiza kwa amayi za feteleza, zina za chipinda. Zotsala ndinkadzimana nazo nyama, mpaka ndinagula ampu yakuda yolemera ngati thumba la chimanga. Ndinaipereka kwa dalaivala wa thiraki wa ku Furancungo, ndipo inafika bwinobwino. Boni ananditumizira uthenga wa mawu akukuwa ndi chisangalalo. Uthenga wautali wochokera kwa iye unali womaliza umenewo. Pambuyo pake ankangoyankha kuti tili bwino, kenako anasiya n'kuyankha komwe.

Nkhani ndinaimva kwa mlendo. Mwamuna wina wa ku Ntengo-Wambalame, wongofika kumene, anandipeza ndikudya buledi pa nthawi yopuma masana. Atamva kuti kwathu ndi ku Tsangano anatulutsa foni kuti andimvetse nyimbo imene yavuta kumudzi. Ndinaizindikira gitala lisanamalize mzere woyamba. Kanali kaimbidwe kanga kaja, pagitala langa, m'manja mwa munthu wina, kakutulukira mu ampu yanga. Pamwamba pake Boni ankalira mokoma kuti Makaniko wafera kudziko la dothi lofiira, ludzu lamupha, maliro ake palibe anawaona, ndipo Kapitau wagwada pa chitseko misozi ili chuchuchu.

"Akuti mwiniwake anali mnyamata wina anapita kuno ku Joni," anatero mlendoyo. "Kaya ali moyo, kaya."

Buledi uja ndinamusiya pomwepo. Ndinadana naye Boni kuyambira tsiku limenelo, ndipo chidanicho chinandithandiza kudzuka m'mawa kuposa mmene chikondi cha kumudzi chinkachitira.

Pafupi ndi pantchito panali kasitolo kamene amaika mafilimu m'mafoni. Ndinawafotokozera chombo, dothi lofiira ndi ndevu za Kapitau, mpaka anaipeza filimu yathu yonse, ndi zigawo zimene ku Tsangano sizinafike. Abale, zimene ndinaonazo! Chitseko chija sichinatsekedwe ndi mphepo. Anachitseka ndi Kapitau, dala, ndi dzanja lake, chifukwa Makaniko anali atatulukira kuti mkuluyo akugulitsa anzake kwa adani. Ndipo Makaniko sanafe. Anakumba mizu, anamwa mame, anakonza chombo chakale chimene anachipeza mumchenga, n'kuwalondola mpaka kuwapeza. Kapitau anamangidwa manja pamaso pa anthu onse. Ndinaseka mpaka anzanga a m'chipinda anayesa ndapenga. Zigawozo ndinaziika mu fulashi, fulashiyo n'kuisokerera m'kati mwa lamba. Ndinakhalanso ku Joni nyengo ina yozizira, ndipo gawo lomalizalo ndinaliloweza lonse.

Ndinatsika chapa, kaminibasi ka kwathu, pa Tsangano m'mawa wa tsiku la msika, mphepo ikuwomba ngati kale. Pamtengo wa magetsi panali chikalata chakuti gulu lathu lija, Opanda Kwawo, liimba masana omwewo pabwalo la msika. Katundu ndinakasiya kwa amayi, ndinawapatsa moni mothamanga, ine ulendo kwa a Fulujensiyo. Mkuluyo atandiona anagwira pakamwa.

"Epa! Makaniko? Si iwe tinakuika m'nyimbo?"

"Ndadzuka, bambo. Ndabwera ndi disiki imene munkaifuna ija. Itanani anthu, lero alowe ulere."

Baraka inadzaza mpaka ena ankasuzumira m'mipata ya malata. Boni anabwera, wanenepa, wavala chijasi chachitali cha Kapitau, anaima kumbuyo manja atapinda. Poti zigawozo zinalibe womasulira, maiki ndinagwira ndine. Ndinamasulira zonse, ndipo tsabola ndinathira wokwanira. Pamene dzanja la Kapitau linkatseka chitseko ndinapempha a Fulujensiyo abwezenso kuti aliyense aone bwino. Pamene ankamumanga Kapitauyo ndinatembenuka n'kumuyang'ana Boni m'maso. Ndinkadikira mfuwu. Ndinkadikira kuti amuvule chijasicho pomwepo.

Palibe anamukhudza. Kenako mayi wina wogulitsa nyemba anaimirira n'kukutumula chitenje chake.

"Si iyi," anatero. "Azunguwa alakwitsa. Makaniko anafa ndi ludzu, tonse tikudziwa."

"Ndevu za Kapitau sizinali chonchi," wina anavomereza. "Waikonzetsa ku Joni ameneyu. Makina a masiku ano amanama."

Anatuluka mmodzimmodzi akung'ung'udza ngati ndawagulitsa mbewu yofumbwa. Boni anandiyandikira n'kundikumbatira, kafungo kake ka sopo wodula kali guu.

"Wabwera bwino, mano. Koma taganiza iwe. Anthu amalira ndi nyimbo imeneyi. Ndiiyimba bwanji iwe utaima pambali panga ukumwetulira? Pronto, chabwino, tichite chonchi. Tili ndi chigoba cha kumaso cha zilombo za m'mlengalenga za mu filimu muja, wovala wake anapita ku Moatize. Uzivala chimenecho, uziimba kumbuyo. Palibe adzakuzindikire."

Sindinamumenye, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandigwira dzanja. Ndinapita kubwalo kumene anali atakonza kale zoimbira, ndinazula mawaya, ampu n'kuisenza pamutu, gitala n'kulikoleka kumsana. Amene anali atatenga malo angayo anafuna kutsegula pakamwa, ndinangomuyang'ana, anakhala pansi. Ndinadutsa pakati pa msika pang'onopang'ono kuti aliyense aone wakufa akunyamula katundu wake. Mumtima ndinkati aimbe tione, aimbire m'chitini.

Kunyumba ndinapeza amayi atakhala pabwalo akusankha mbatatesi ya mbewu. Ndinatula katunduyo pakhonde n'kukhala pafupi nawo, mtima uli mbee. Kwathu ndi kumtunda, phokoso la pamsika limafika ndi mphepo. Dzuwa litapendeka ndinamva ng'oma. Kenako mawu, osati a Boni yekha, koma a msika wonse, amuna pansi, akazi pamwamba, popanda gitala, popanda ampu. Mzere uliwonse ankaudziwa. Ndisanapeze mawu otukwana, ndinamva nyimboyo ikutulukanso pambali panga. Amayi ankaimbira m'mphuno, manja ali pantchito.

"Amayi, inunso?"

Sanachite manyazi. Anaponya mbatatesi yoola kutali n'kutenga ina.

"Mwana wa a Lusiya, oyandikana nawowa, anabwera m'bokosi kuchokera kumene unaliko. Kumanda tinaimba imeneyi, akatekisita akukwiya. Amayi onse amene ana awo anapita amaiyimba. Iwe unkatumiza ndalama, inde, koma mawu ako ndinkawamva kangati? Ndinkati tsiku lina foni idzalira, ndiye bola ndiyambiretu. Ndinakulira nayo, mwananga, mpaka ndinamaliza. Tsopano ukufuna undilande?"

Ndinali nditabwera kudzamenyana ndi munthu mmodzi, koma ondiika m'manda anali mudzi wonse, ndipo anandiika mwachikondi. Ali moyo Erinesito sanaimbidwepo ndi msika. Ku Tsangano malo anga alipo ndithu, akulu kuposa amene ndinasiya, kungoti ndi a munthu wakufa, ndipo ine wopuma mpweyane ndimawasokoneza ndikamadutsa.

Amayi ndinawasiyira nyimbo yawo. Boni sindinamusiyire kanthu. Ndikulimanso mbatatesi, zala zikuyamba kukumbukira zingwe, ndipo ndikupeka nyimbo ya dzanja limene linatseka chitseko. Kaya adzaimva anthu awiri okha, mmodzi adzakhala iyeyo. Mwezi wathawu anaitanidwa kukaimba ku Chidzolomondo, pabwalo lalikulu pamene ng'oma yokha singakwane. Anatuma a Fulujensiyo kudzandipempha ampu, akuti tsiku limodzi lokha, chifukwa cha ubwenzi wakale. Mkuluyo ndinamupatsa mpando, ndinamufulira tiyi, ndinamuperekeza mpaka kumsewu.

"Ndikamuuze chiyani Kapitau?" anafunsa.

"Mukamuuze kuti mwini ampu anamwalira. Akapemphe kumanda."