Chotupa cha achimwene chinasowa mpweya

Ndinadzuka kusanache, mwendo wa munthu wina uli pakhosi panga. Tinagona pakhonde mothinana moti wofuna kutembenuka ankayamba wapempha mzere wonse, wallahi. Kuseri azimayi anali atasonkha kale moto, mpunga uli m'migolo yodula pakati.

Omwalirawo anali achimwene anga, msodzi wa usipa kuno ku Chiwanga. Khansa ya pakhosi. Ndine ndinawaperekeza ku Maputo kukawotchedwa chotupa ndi makina a kuchipatala, choncho zinandigwera kufotokoza matendawo tisananyamule jeneza, chithatha cha maliro. Amalume anali atagamula kale kuti alamu ndiwo anapha amuna awo povomera kuti awotchedwe ngati nsomba, ndipo achoke panyumbapo.

Anthu anafika pa njinga ndi pa ngalawa. A ku Maniamba anatsika mudzi wonse m'minibasi imodzi ya chapa, ndinaona ndi maso angawa. Mwera unkawomba moti chisoti cha shehe chinatsogola chokha kumanda.

Ndinaimirira n'kunena zimene adokotala anatiuza. Chotupa chikakula, mkati mwake magazi safika bwino, ndiye mpweya umasowa. Makinawo amapha msanga pamene pali mpweya. N'chifukwa chake amawotcha pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku: kunja kukafa, mkati mumayamba kupuma, mawa lake n'kumenyanso. Ife tinafika mochedwa. Mkati mwa chotupa cha achimwene munakana kupuma.

Amalume anamvetsera bwinobwino.

"Iwe, wati mpweya unasowa?"

"Eya amalume, koma wa m'magazi."

"Nanga ankamutsekera mazenera usiku uliwonse ndani?"

Anali alamu, poopa chifuwa. Ndinayambiranso pachiyambi, koma shehe anati dzuwa lakwera. Tinanyamula. Amuna ankasinthana mapewa njira yonse, ine ayi, chifukwa amalume anali kumbuyo kwanga, akundiponda zidendene mpaka kumanda.

Pobwerera akuluakulu anagwirizana kuti alamu sangathamangitsidwe asanamalize eda, miyezi ija wamasiye satuluka m'nyumba. Ikatha, achoke. Amalume anazula zitseko za mazenera zonse, kuti ana a malemuwo apume, n'kuzimanga pa njinga.

Madzulo nyumba inali zii. Mchenga unkalowa mbali ino n'kutulukira mbali inayo. Alamu anakhala pakona atafunditsa ana nsalu imodzi ya kapulana.

"Alamu," anatero, "mawa mukawafotokozerenso."

Ndinati ndipita.